Alendo Osaitanidwa

Ndinaigula ku Limbe, yatsopano, ya m'katoni,
ndi ndalama ya chinanazi cha nyengo ziwiri
kuonjezerapo ngongole ya ku banki m'khonde.
Ndinkaifunira chinthu chimodzi:
maina a alimi makumi anayi ndi atatu a gulu lathu
ndi makilo amene aliyense waika pa sikelo.

Koma nditaiyatsa pakhonde pathu ku Chisitu
ndinapeza m'nyumbamo muli kale anthu.
Wina wa masewera a maswiti ogwa kuchokera kumwamba.
Wina wondiuza za nyengo ya mzinda umene sindidzaupondako
pamene chiperoni chili pakhomo panga
kunyowetsa zovala pachingwe.
Wina wovala zofiira ankadzitcha mlonda:
masiku makumi atatu ndikulonderani ulere,
kenako mulipire, m'madola.
M'mawa uliwonse ankasuzumira pakona
kundikumbutsa za akuba amene sindinawaonepo.

Bandulo ya sabata inkatha Lachiwiri.
Batire linkafa magetsi asanabwere.
Ndikati nditsegule kaundula wanga
kagudumu kankangozungulira, kuzungulira,
ine n'kupita kumjigo, n'kubwerako, kakuzungulirabe.

Loweruka ndinaikulunga m'chitenje,
ndinakwera kabaza mpaka pa Chitakale
kwa Verina, mwana wa a Namakhwa,
amene kabenchi kake kali kuseri kwa ogulitsa simenti.
Anaitsegula, anaseka pang'ono, osati mondinyoza.
Mayi, awa simunawaitane ndinu.
Opanga makinawa analandira ndalama kuti awalowetse
asanadziwe n'komwe kuti kunja kuno kuli inu.

Anandionetsa mndandanda, wautali ngati wa makuponi.
Tinayamba kuwerenga limodzi.
Uyu? Achoke. Uyu? Achoke.
Aliyense asanatuluke ankatembenuka: mwatsimikizadi?
Mlonda uja anafunsa katatu.
Anatsitsa mtengo, anatiopseza,
anapempha kuti tilembe chimene watilakwira.
Verina sanalembe kanthu. Anadina.

Penapake chala changa chinathamanga,
iye anandigwira dzanja.
Ameneyo ayi. Dzina lake n'losakoma, manambala okhaokha,
koma ndi amene amalankhulitsa makinawa.
Mukamuzula, mupita kwanu ndi chinthu chosatulutsa mawu.
Ndinakumbukira malemu bambo anga
zaka zimene ankagwira ganyu kuphiri
yozula timitengo ta paini pakati pa mbande za mkungudza.
Ankabwera zala zikununkha utomoni
n'kumati kuzula si ntchito, ndi mwana yemwe angazule;
ntchito ndi kugwada, kuyang'anitsitsa tsamba
usanakoke.

Awiri anakana kuchoka.
Batani lawo linali lotuwa, losadinika.
Amenewa ndi a kwa eni makina, anatero Verina,
anawamangira m'maziko.
Tingowatseka pakamwa, asamadzukire nanu limodzi.
Tinawatseka. Alimobe, ndikudziwa,
monga chitsa chimene umangochilambalala polima.

Anaizimitsa, anaiyatsanso.
Ndisanamalize kumasula mfundo ya ndalama pachitenje
inali itadzuka kale,
galasi lili mbee ngati bwalo losesedwa m'mamawa.
Ndinalipira zikwi zinayi ndi chinanazi chimodzi chachikulu.
Anachinunkhiza kunsi, anati chapsa bwino,
anandiuzanso kuti wina akadzagogoda
ndi mphatso yaulere,
ndiyambe ndawerenga timalemba tating'ono.

Usiku uno magetsi kulibe.
Phiri labisala, mvula ikuwaza pamalata,
ana agona ndi mayunifolomu osauma pamutu pa bedi.
Ndafika pa dzina la makumi atatu ndi chimodzi:
Mulepa, Fanuwelo, makilo zana limodzi ndi asanu ndi awiri,
ndipo akuti sikelo yathu imamubera.
Zimenezo tidzakambirana Lachinayi.
Batire likadali pa theka.
Pakona paja palibe akusuzumira.